Chingwe cha apongozi anga

Eee, ana inu! Ndani watsitsa chingwe chimenecho pa msomali? Ngati mukufuna chodumpha pitani mukatenge cha mbuzi kukhola. Ichi m'kati mwake muli kagalasi kowonda ngati tsitsi, mukangochipinda chathyoka. Inde, Tadala, ndikudziwa kuti sichigwiranso ntchito. Ngakhale agogo anu aamuna akuwodzera pampandowo sagwiranso ntchito, koma sitinawataye. Bweretsa kuno, ndipo mukhale pansi nonse ndikuuzeni mmene chinandipezera.

Ine kwathu ndi ku Dedza, mukudziwa. Ntchito ndinayambira pa taipilaita ku Lilongwe ndili mtsikana. Inu taipilaita simunaione. Inali makina olembera, yolemera ngati mphero, ndipo ukalakwitsa chilembo chimodzi unkapaka kamankhwala koyera n'kumauzira ndi pakamwa kuti kaume, bwana ataima kumbuyo kwako. Makompyuta atabwera, anzanga anawathawa, amati amawononga maso. Ine ndinawakonda chifukwa ukalakwitsa sankauza munthu. Ndinayamba kumatsegula kumbuyo kwake kuti ndione chimene chikulira m'katimo, mpaka akuluakulu anatopa nane n'kunditumiza kusukulu kuti ndizikatsegula ndi chilolezo.

Agogo anu aamunawa ndinakumana nawo komweko. Anali mnyamata waulemu, wa mawu ochepa. Mawu ochepawo ndiwo anandipweteka, chifukwa nkhani yaikulu anandiuza tili pamwamba pa lole, titadutsa kale Karonga, tikupita kwawo ku Misuku kukandionetsa. Masiku amenewo msewu wa ku Chitipa unalibe phula. Unkakwera pa matumba a mchere, fumbi n'kukupaka mpaka m'makutu, ndipo pofika unkaoneka ngati wafukulidwa. Lole ikulira pachitunda, bamboyu anandinong'oneza kuti, "Koma kwathu kuli kamwambo kakang'ono."

Kamwambo kakang'onoko kanali aka. Mtengwa, amene kuno amati mkamwana, sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna. Sawalankhula mwachindunji, sakhudza zinthu zawo, ndipo dzina lawo salitchula. Akafuna kunena kanthu amatuma munthu. M'banja mwawo mwambowu unkatha pokhapokha apongoziwo akakhutira nawe n'kukupatsa nkhuku ndi manja awo. Ndinayang'ana pansi pa lole, n'kuona kuti kudumpha sindingathe. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, ndinangofunda chitenje kumutu.

Zaka zoyamba sizinavute, poti tinkakhala ku Lilongwe ndipo ku Misuku tinkangobwera pa Khirisimasi kudzadya nthochi zophika ndi nyama. Ndinkamva mawu awo kuseri kwa nyumba, ndinkaona nsapato zawo, zakuda, zopukutidwa bwino, chidendene cha kumanzere chitatha mbali imodzi. Chithunzi chawo cha pakhoma ndinkachidutsa nditawerama. Ana anabadwa, anakula, atate ako iwe Tadala anayamba kumera ndevu, nkhuku osaoneka. Ndikuuzeni zoona, zinkandiwawa. Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinkalakalaka munthu wamkulu woti anditchule kuti mwana wanga.

Kenaka agogo anu anawasamutsira kuno ku Chitipa kudzayendera masukulu, ndipo ine ndinamva kuti bungwe lina la alimi pa boma likufuna munthu wosamala makompyuta. Bungwelo linatha kalekale, m'nyumba yake muja mukugulitsidwa matayala. Ndinalemba kalata ndi dzanja langa, ananditenga, ndinavina. Tsiku loyamba ndikulowa m'khonde la ofesi, ndinaona nsapato zakuda zikubwera, chidendene cha kumanzere chitatha mbali imodzi. Walira mvula walira matope! Apongozi anga ndiwo ankasunga kalembera wa alimi onse m'bungwemo, ndipo bambo a mawu ochepawa anaiwalanso kundiuza.

Tinapeza njira yokhalira. Iwo akamatuluka mu ofesi yawo ankaimba mluzu, nyimbo ya kutchalitchi. Ine ndikamayenda ndinkakhwekhwereza nsapato. Ndikamva mluzu ndinkalowa khomo lililonse limene lili pafupi, ndipo tsiku lina khomo lapafupilo linali la chimbudzi cha amuna. Musaseke, mlonda amene ndinamupezamo sanandipatsenso moni mpaka anapuma ntchito.

Tsopano mvetserani za ntchitoyo, chifukwa inu mumaganiza kuti zithunzi za m'mafoni mwanu zimakhala m'mwamba ndi angelo. Kuseri kwa ofesi kunali kachipinda kozizira, ndipo m'menemo munali maseva. Seva ndi kompyuta yaikulu imene palibe amakhala patsogolo pake, ntchito yake ndi kutumikira makompyuta a m'maofesi. Koma masevawo sankasunga katundu m'mimba mwawo. Zonse, mayina a alimi, mapu a minda, zithunzi za mitengo ya khofi, zinkakhala m'bokosi limodzi lodzaza madisiki, limene tinkalitcha nkhokwe. Seva iliyonse inali ndi zingwe zakezake zopita ku nkhokweko, monga mmene ku Misuku nyumba iliyonse ilili ndi kanjira kake kopita kumtsinje. Aliyense wobweretsa seva ankakokanso zingwe zake pamwamba pa za mnzake, mpaka kumbuyo kwa kabati ya makinawo zinayanga ngati maungu a pachulu. Chimodzi chikafa, unkachitsata ndi chala utagwada, n'kutuluka ndi kangaude kumutu.

Chingwe choyamba kulowa m'nkhokwemo chinali cha seva ya apongozi anga. N'chimenechi ndagwirachi. Mukuona kaulusi kofiira aka? Anamanga okha. Kale mapepala awo onse anadyedwa ndi chiswe nthawi ya dzinja, alimi anawatukwana, ndiye kuyambira pamenepo sankakhulupirira chinthu chimene sangachigwire. M'mawa uliwonse ankalowa m'kachipinda kanga, mluzu patsogolo, n'kugwira chingwe chawo kuchokera ku seva mpaka ku nkhokwe, ngati mmene munthu amayendera khola. Ine nthawi imeneyo ndinali nditabisala kuseri kwa kabati, ndikuyang'ana nsapato.

Mavuto anayamba itabwera seva yatsopano. Mabowo olowetsa zingwe pa nkhokwe anali atatha. Mkulu wa bungwe, a Nkhoma a ku Kasungu, anandifunsa chochita, ndipo ndinawauza kuti tigule maswitchi awiri. Si switchi ya pakhoma yoyatsira getsi ayi. Ndi kabokosi kafulati ka mabowo ambiri. Seva iliyonse imangolumikizidwa pamenepo, nkhokwenso pamenepo, ndiye kabokosiko n'kumapereka uthenga uku ndi uku. Tinjira tonse tija timatha, pamatsala msewu umodzi. Timagula awiri kuti imodzi ikafa inzake inyamule katundu. Anabwera pa lole atakulungidwa m'bulangete ngati odwala, ndipo nditawerenga mabowo ndinapeza kuti maswitchiwo akufuna mabowo onse a pa nkhokwe. Onse, ndi la apongozi lomwe.

A Nkhoma anati, "Mayi Nambewe, ntchitoyi ithe khofi asanayambe kuthyoledwa. Zingwe zakale zonse zichoke."

Ndinati, "Bwana, chimodzi n'cha apongozi anga."

"Ndiye bwino, ndi nkhani ya m'banja. Mukakambirane pa chakudya."

Munthu wa ku Kasungu uja! Sankadziwa kuti ine ndi apongozi sitinadyepo m'chipinda chimodzi. Ndinagwira njakata. Kuchizula ndekha ndikanatha, chala chimodzi chinali chokwanira. Koma kumeneko kukanakhala kukhudza chinthu chawo, ndiponso chinthu chimene ankachikonda kuposa ndodo yawo. Ntchito sindinkaidandaula, ikanatha ndikanapeza ina. Chimene ndinkaopa n'chakuti nkhuku ija, imene ndinaidikira mpaka imvi kuyamba, ndikanaitsanzika mpaka kalekale.

Ndinapempha agogo anu kuti akalankhule ndi bambo awo. Anavomera msanga, ndipo m'mawa mwake anakumbukira kuti ku Nthalire kuli masukulu ofunika kuwayendera. Munthu amene ankati msewu wa ku Nthalire umamuthyola msana, tsiku limenelo anakwera njinga yamoto akuimba. Musawadzutse, akumva, angotseka maso.

Ndinatsala ndi mlamu wanga Tusayiwe, mchemwali wa agogo anu, yemwe ankagulitsa pamsika nthochi ndi chinaka, chija ena amati chikanda. Iyeyu ndiye anali wotumidwa wanga kuyambira tsiku la ukwati. Anali munthu wabwino, wodana ndi mikangano, mwina mopitirira muyezo. Ndinamufotokozera zonse, anagwedeza mutu, anapita, n'kubwera akumwetulira.

"Mulamu, adada akondwa chomene. Akuti yewo."

Ndinadabwa kuti zatheka msanga chonchi. Ndinamufunsa kuti wawauza chiyani.

"Ndawauza kuti mukuti chingwe chawo n'chokongola, ndipo mukuchisamala."

"Nanga zochotsa?"

"Aa, mulamu! Mawu amenewo munthu angauze adada? Ndinawasiya panjira."

Ndinamutumanso. Ulendo uno anawauza kuti ndikufuna kuchipukuta fumbi. Yankho linabwera lakuti fumbi amapukuta okha. Nkhani yeniyeni anakaimva kwa a Nkhoma, amene anangoiponya pamsonkhano ngati akunena za tiyi. Tsiku limenelo mluzu sunamveke m'khonde.

Tinasankha Loweruka m'mawa, anthu kulibe, kuti ndizimitse makina n'kulumikiza zatsopano. Ndinatenga Tusayiwe kuti andiperekeze. Nditatsegula chitseko ndinaona nsapato. Apongozi anali atafika kale, atakhala pa mpando pafupi ndi nkhokwe, atatembenukira kukhoma kuti tisaonane, ndodo ataipingasa pamwamba pa chingwe chawo. Nane ndinatembenuka msanga n'kuyang'ana khoma linalo. Tangoganizani, kachipinda kochepa ngati bafa, anthu awiri akuluakulu atapatsana misana, pakati pataima mayi wonyamula dengu la nthochi.

Anayamba ndi iwo. "Tusayiwe, umuuze mkamwana kuti ine zinthu za alimi anga sizidutsa kwa munthu. Njira yanga ndi iyi. Sindifuna kabokosi kondinyamulira mawu."

Ndinamva ndi makutu anga, poti tinali motalikirana ngati pano ndi pakhomopo. Koma Tusayiwe anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Mulamu, adada akuti mwadzuka bwanji."

Ndinati, "Uwauze kuti chingwecho chikapanda kuchoka, ntchito yonse yaima."

Anatembenukira uko. "Adada, akuti adzuka bwino, kaya inu."

Zinapitirira choncho mpaka thukuta linanditsika m'chipinda chozizira. Ndiye Mulungu anatumiza mbuzi. Tusayiwe anali atasiya beseni la chinaka pakhonde, ndipo tinangomva likugubuduka. Anakuwa, anaponya dengu pansi n'kuthamangira kunja. Tinatsala awiriwiri.

Kuchoka sindikanatha, kulankhula nawo sindikanatha. Ndiye ndinakumbukira zimene ndinkaona ku Misuku, kuti mkamwana akasowa womutuma amalankhula ndi khanda la kumsana kapena galu, mwini nkhani akumva. Ndinayang'ana switchi imene inali patsogolo panga n'kukonza kukhosi.

"Iwe kabokosi, ndikukuuza iwe. Pali munthu wamkulu amene akukuopa."

Kenaka ndinamva mpando ukulira, ndi mawu akuti, "Iwe chingwe, kauze kabokosiko kuti ine sindiopa kanthu. Ndikungofunsa. Zinthu zanga zikalowa mmenemo pamodzi ndi za wina aliyense, si ndiye kuti zasakanikirana ngati nyemba za pamsika? Mawa Nkhoma azidzasuzumira m'minda ya alimi anga?"

Ndinati, "Iwe kabokosi, fotokoza kuti m'kati mwako ndimamangamo mipanda. Ndimakuuza kuti seva iyi izionana ndi chigawo ichi cha nkhokwe basi, inayo ndi chigawo icho. Zonse zimadutsa pakhomo limodzi, koma zosayenera kuonana sizionana."

"Chingwe, zimenezo n'zabodza. Anthu angadutse khomo limodzi tsiku ndi tsiku osaonana?"

Apa ndinalimba mtima. "Kabokosi, ine ndikudziwa anthu awiri amene amadutsa khonde limodzi m'mawa uliwonse, pa Khirisimasi amadya za m'nkhokwe imodzi, ndipo chikhalire sanaonanepo. Wina amaimba mluzu, wina amabisala m'chimbudzi cha amuna."

Ndinamva kaphokoso ngati munthu watsamwa. Ndinaganiza kuti ndawapha. Koma kunali kuseka, kuseka kwa munthu amene akuyesetsa kuti asaseke. Atapuma anati, "Chingwe, ndiye kuti kabokosika kanaleredwa bwino. Kali ndi mwambo. Koma funso lina. Kakatenga mawu anga, kamakafikitsa momwemo, kapena kamachita ngati mwana wanga Tusayiwe?"

"Kabokosi, uwauze kuti iwe sukometsa. Ukapatsidwa chowawa umakafikitsa chowawa."

"Nadi?"

"Nadi."

Anati akufuna aone ndi maso. Tsono kuona kwake kunali kovuta, poti laputopu inali imodzi. Ndinalumikiza maseva ena onse pa maswitchi, n'kumanga mipanda ija, ndiye ndinakankhira laputopu kumbuyo kwanga ndi phazi, pansi pomwepo. Ndinauza kabokosi kuti munthu wamkulu ayang'ane seva ya a Nkhoma, aone ngati ikuona chigawo cha alimi. Anasuzumira nthawi yaitali, magalasi akugogoda pa laputopu. Chigawo chawo sichinaoneke. Anafunsa kuti nanga kabokosiko kakafa, ndinayankha kuti kali ndi mnzake. Ndinazimitsa kamodzi iwo akuona, ndipo maseva anapitiriza ntchito ngati palibe chachitika.

Kenaka anati, "Kabokosi." Sanatinso chingwe ayi. "Kabokosi, popeza iwe sukometsa, ndifunsire. Mkamwana wanga bwanji sanafunsepo za nkhuku? Ine ndinkati mwina anthu a ku Lilongwe nkhuku za kumudzi sazifuna."

Ana inu, misozi inangoti waa. Ndinati, "Kabokosi, ndinafunsa. Atabadwa mwana woyamba ndinafunsa, wachiwiri ndinafunsanso. Ndinatuma Tusayiwe."

"Kabokosi, ine anandiuza kuti mkamwana akupereka moni!"

Nawonso, ndinamva pambuyo pake, anamutumapo kudzandifunsa ngati ndingailandire. Tusayiwe anaona kuti si bwino munthu wamkulu kuoneka ngati akupempha, ndiye anadzandiuza kuti adada akufunsa ngati ana ali bwino. Zaka zonsezo tinkangopatsana moni!

Ndinamva ndodo ikugwa pansi, kenaka kaphokoso kakang'ono, thwa, kamene ndimakadziwa bwino. Anali atazula okha chingwe chawo, mbali ya ku nkhokwe, kenaka ya ku seva. Ndiye ndinamva mawu amene sanali opita kwa chingwe kapena kwa kabokosi.

"Mkamwana, tembenuka. Mwambowu tausiyira makinawa, aziusunga ndiwo. Ine ndatopa ndi mluzu, mpweya unachepa."

Khosi linakana. Ndinatembenuka pang'onopang'ono, maso ali pa nsapato monga mwa masiku onse. Ndinaona manja awiri atanditambasulira chingwe, atachikulunga bwino.

"Nkhuku ili ku Misuku, ibwera. Yamba walandira ichi, mwana wanga. Ndilibe china chimene ndimachikonda kuposa ichi."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri, kenaka ndinakweza maso. Mukudziwa chimene ndinaona? Makutu! Makutu aakulu otambasuka ngati a atate ako, Tadala, ndi mpata womwewo wa pakati pa mano. Zaka zonsezo ndinkadabwa kuti mwana wanga makutu amenewa anawatenga kuti, mpaka ndinkawanamizira a kwathu ku Dedza. Nkhope imene ndinkaithawa m'makonde inali yomweyo imene ndinkaisambitsa m'mawa uliwonse. Ndinayamba kulira ndi kuseka nthawi imodzi, iwonso chimodzimodzi.

Tusayiwe analowa ali wefuwefu, beseni lopanda kanthu m'manja. Atationa tikuyang'anana anafuna kugwa. Mwa chizolowezi anathamangira pakati pathu n'kunena kuti, "Adada, mulamu akuti..." Iwo anamudula. "Ndamva kale zimene akuti. Pita ukalankhulire mbuzi."

Ntchito tinaimaliza limodzi. Zingwe ziwiri zatsopano za seva yawo analowetsa okha pa maswitchi, ine ndikuwalozera mabowo, ndipo zonse zinayaka. Kumbuyo kwa kabati kunayera mpaka munthu n'kuona khoma. Lolemba m'mawa anabweranso monga mwa nthawi zonse kudzayendera, koma tsopano ankagogoda n'kunena kuti, "Odi, mwana wanga," ndipo tinkamwa tiyi limodzi. Agogo anu anabwerako ku Nthalire nkhani itatha, n'kumauza anthu kuti anaikonza ndi iwo.

Nkhuku inabweradi, yoyera, ndipo tinaidya tsiku lomwelo. Apongozi anakhala nafe zaka zochepa chabe pambuyo pake, ndipo zimenezi zimandiwawabe, chifukwa anali munthu wanthabwala ndipo ndinachedwa kumudziwa. Dzina lawo mpaka lero silituluka pakamwa panga, lilime linazolowera. N'chifukwa chake iwe wamng'onowe, amene anakupatsa dzina lawo, ndimangokuitana kuti Adada, usamaganize kuti ndinaiwala. Bwera kuno ndi makutu akowo, ndikuyang'ane bwinobwino. Eya. Tsopano tenga chingwe chako ukachibwezere pa msomali, ndipo usachipinde.